Ndiwatumizire bambo anga zipatso za goji? Akudwala shuga komanso maso

Funso lachokera kwa mayi wina amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Akuti bambo ake kumudzi ali ndi zaka za m'ma 60, ali ndi shuga ndi BP, maso ayamba kuchita chifunga, ndipo chichokereni kuchipatala chaka chatha mwendo utatupa amamwanso timapilisi tina toti magazi asamaundane. Nde mnzake wa pa gulupu ya WhatsApp akumuuza kuti agule zipatso zofiira za ku China zotchedwa goji, akuti zimatsitsa shuga, kutsuka impso, kuwalitsa maso ndi kubwezeretsa mphamvu. Waziona m'mashopu a Matchaina ku Cyrildene, akufunsa ngati zili zoona komanso kuti atumize zochuluka bwanji.

Achemwali, zikomo pofunsa musanagule. Ndiyamba ndi chinthu chimene mwachitchula mongodutsa chifukwa kwa ine ndi chomwecho chachikulu pa funso lonseli, timapilisi ta magazi tija. Musanatumize ngakhale kapaketi kamodzi, muimbireni amene amakhala ndi bambo ajambule kabotolo kapena tsamba la m'buku lawo la kuchipatala akutumizireni pa WhatsApp. Mukaona palembedwa warfarin, nkhani ya goji ithere pomwepo, asadye, asamwe tiyi wake, juwisi wake ndiye asayandikire n'komwe. Munthu amene anatupa mwendo chifukwa cha magazi oundana nthawi zambiri amapatsidwa warfarin ameneyu, nde mwayi woti ndi yemweyo ndi waukulu ndithu.

Warfarin ndi mankhwala ovuta kuwasamala. Akachepa m'thupi magazi amaundananso, akachuluka munthu amatha kutaya magazi mkati osadziwa. N'chifukwa chake amene amamwa amayezedwa magazi pafupipafupi, kuyeza kuja amati INR, ndipo kwa ambiri dokotala amafuna nambala ikhale pakati pa 2 ndi 3. Mu 2001 madokotala ku America analemba za mayi wa Chitchaina wa zaka 61 amene INR yake inali bwinobwino kwa nthawi, kenako inakwera kufika 4.1 atamwa tiyi wa goji makapu atatu kapena anayi pa tsiku kwa masiku anayi okha. Atasiya tiyiyo zinabwerera m'malo. Mu 2012 kunalembedwanso za mayi wa zaka 71 amene anamwa juwisi wa goji masiku ochepa n'kukapezeka kuchipatala akutuluka kamfuno, thupi lili mikwingwirima, magazi akutulukanso kuchimbudzi. Pofika 2013 bungwe loyang'anira mankhwala ku Germany linachita kuchenjeza madokotala za nkhani yomweyi. Akatswiri amaganiza kuti zina za m'chipatsochi zimachedwetsa chiwindi kuphwanya warfarin, nde mankhwalawo amaunjikana ngati munthu wamwa ochuluka chonsecho wamwa mlingo wake wa tsiku ndi tsiku. Anthu amene zinawachitikira ndi kulembedwa si ambiri, inde, koma taganizirani bambo ali kumudzi, kumene kukayezetsa INR ndi ulendo wa minibasi ndi kabaza, nde kuika moyo wawo pachiswe chifukwa cha zipatso zouma ine sindikuona phindu lake. Ndipo ngati pali amene akuwerenga pano amamwa warfarin ndipo wayamba kale goji, asiye, akayezetse, ndipo akaona nkhama zikutuluka magazi potsuka mkamwa, mkodzo wofiira kapena chimbudzi chakuda bii, athamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Tsopano tinene kuti mwapeza kuti si warfarin, kapena anamaliza kale mankhwalawo. Apa nde tikhoza kukamba za chipatso chenichenicho mofatsa, chifukwa goji payekha si chinthu chachinyengo ayi, chinyengo chili pa zimene ogulitsa amamunamizira.

Goji ndi kachipatso ka chitsamba chaminga chimene asayansi amachitcha Lycium barbarum, pali china chofanana nacho Lycium chinense. Ndi cha banja limodzi ndi tomato, tsabola, mabiringanya, mbatatesi ndi fodya amene. Ku China amati gouqizi, ku Britain kale ankati wolfberry, ndipo chitsambachi chinafika kumeneko m'ma 1730, mpaka lero chimamera m'mipanda ngati tchire wamba. Kwawo kwenikweni kumene amanyadira nacho ndi ku Ningxia, kumpoto chakumadzulo kwa China, makamaka dera la Zhongning m'mbali mwa mtsinje wa Yellow River, dziko louma la dzuwa lambiri koma lothiriridwa ndi madzi a mtsinjewo. Amalimanso kwambiri ku Gansu, Qinghai ndi Xinjiang. Zimapsa kuyambira cha mu June, amathyola ndi manja chifukwa khungu lake ndi lofewa, ndipo zaziwisi sizichedwa kuonongeka, n'chifukwa chake pafupifupi zonse zimene mudzaone m'shopu ndi zoumitsa, zokwinyika ngati mphesa zouma koma zazitaliko pang'ono ndi zofiira. Kumene muliko ku South Africa kuli m'bale wake wachilengedwe, Lycium ferocissimum, chitsamba chaminga cha ku Cape chimene ku Australia chinasanduka udzu wosautsa, koma si chimene Matchaina amagwiritsa ntchito.

Mbiri yake m'mankhwala a Chitchaina ndi yakale zedi. Chomerachi chimatchulidwa m'buku la Shennong Bencao Jing, limene linasonkhanitsidwa zaka pafupifupi 1,800 kapena kuposa zapitazo, ndipo analiika m'gulu la pamwamba, la zinthu zimene munthu atha kudya nthawi yaitali osavulala nazo. Li Shizhen anachilongosolanso m'buku lake lalikulu la Bencao Gangmu limene anamaliza mu 1578 n'kusindikizidwa mu 1596. Amagwiritsa ntchito chipatso, masamba ake amaphika supu ngati ndiwo, khungwa la mizu yake ndi mankhwala ena apadera otchedwa digupi. Ogulitsa akamanena kuti ndi chinthu cha zaka zikwi sakunama, pamenepo pokha ndikuvomera.

Koma muone mmene eni akewo amachionera. Kwa sing'anga wa Chitchaina goji ndi chinthu chofatsa, chopatsa thanzi pang'onopang'ono, cha munthu amene akukalamba, msana ndi mawondo zikufooka, mutu ukuchita chizungulire, maso akuuma kapena kutopa. Buku la boma la mankhwala ku China limaika mlingo wa magalamu 6 mpaka 12 pa tsiku, kumeneko ndi supuni yaikulu imodzi kapena kuposako pang'ono basi. Boma lomwelo linachiika pa mndandanda wa zinthu zimene ndi chakudya komanso mankhwala nthawi imodzi, pamodzi ndi jinja ndi zina zotero. M'nyumba zawo amangowaza tingapo mu supu wa nkhuku, mu phala la mpunga, kapena m'madzi otentha pamodzi ndi maluwa a chrysanthemum. Cha m'ma 2017 inasanduka nthabwala ya achinyamata pa intaneti ya kumeneko kuti ukaona munthu wayamba kuyenda ndi fulasiki ya madzi otentha yoikamo goji ndiye kuti ukalamba wagogoda. Palibe mayi wa ku Beijing amene amataya mapilisi ake a shuga a metformin chifukwa waika goji mu supu. Ngakhale sing'anga akafuna kuchigwiritsa ntchito ngati mankhwala sachipereka chokha, amachisakaniza ndi zina, mwachitsanzo Qi Ju Di Huang Wan amene amaperekedwa pa za maso ali ndi zinthu 8, goji ndi chimodzi chabe. Ndipo asing'anga omwewo amaletsa kudya goji munthu akakhala kuti watentha thupi, ali ndi chimfine kapena akutsegula m'mimba, zimene wogulitsa pa WhatsApp sadzakuuzani.

Za impso zija ndi pamene anthu ambiri amasocherera. Mabuku a Chitchaina amati goji amadyetsa chiwindi ndi impso, wogulitsa nde amangotola mawu amenewo n'kumati amatsuka impso. Koma m'maganizo a asing'anga akale aja impso sinali kachiwalo kosefa mkodzo kokha kamene dokotala amaona mmene kakugwirira ntchito poyeza magazi, inali ngati nkhokwe ya mphamvu zobadwa nazo, yokhudza kukula, kubereka, mafupa, makutu, tsitsi ndi ukalamba. Chiwindi nachonso ankachilumikiza ndi magazi ndi maso. Ndi kaganizidwe kawo kofotokozera thupi, kali ndi dongosolo lake, koma sikakutanthauza kuti munthu amene impso zake zaonongeka ndi shuga zidzakonzeka akadya zipatsozi. Kunena zoona kwa munthu amene impso zafooka kwambiri zipatso zouma zamtundu uliwonse ndi zofunika kusamala nazo chifukwa zimakhala ndi potaziyamu wambiri amene impso zodwala zimalephera kutulutsa. Bambo anu ali ndi shuga ndi BP zonse ziwiri, zimene ndi adani akulu a impso, nde chimene chingawathandize ndi kuyezetsa mkodzo ndi magazi kamodzi pa chaka, kumwa mankhwala a BP osadumphitsa ndi kuchepetsa mchere.

Pa shuga pakufunika masamu pang'ono. Pa magalamu 100 a goji wouma, pafupifupi magalamu 45 ndi shuga. Muli zabwino zinanso, mapuloteni magalamu 14, faiba magalamu 13, ayironi pafupifupi mamiligalamu 7, vitamini A wambiri ndithu, koma shugayo ndi theka kutsala pang'ono. Supuni yaing'ono ya shuga wa mu tiyi imalemera magalamu 4, nde mlingo wa Matchaina uja wa magalamu 10 uli ndi ngati supuni yaing'ono imodzi, palibe choopsa. Koma munthu akauzidwa kuti izi zimatsitsa shuga samadya magalamu 10 ayi, amatapa dzanja lodzaza m'mawa, masana ndi madzulo poganiza kuti akumwa mankhwala, apo ndiye kuti wadya masupuni 9 kapena 10 a shuga pa tsiku, kenako akudabwa kamakina koyezera shuga kakuonetsa nambala yokwera. Juwisi wa m'mabotolo ndiye woipirapo chifukwa nthawi zambiri amasakaniza ndi wa mphesa kapena maapozi ndipo faiba mulibe.

Nanga zoti amatsitsa shuga zinachokera kuti? Asayansi amachotsa m'chipatsochi zinthu zotchedwa ma polysaccharide n'kumapatsa mbewa ndi makoswe a mu labu, ndipo pa nyamazo shuga amatsikadi. Pa anthu kafukufuku ndi wochepa komanso waung'ono. Wina wa ku China wa mu 2015 anali ndi odwala shuga osafika 70, anawapatsa makapisozi a zinthu zochotsedwazo kwa miyezi itatu, n'kuona kusintha kwina. Kumeneko ndi koyambira chabe, ndipo makapisozi a mu labu si chimodzimodzi ndi paketi ya ku Cyrildene. Vuto lina ndi lakuti ngati chipatsochi chilidi ndi kamphamvu kotsitsa shuga, munthu amene akumwa mapilisi a shuga a glibenclamide kapena kubaya insulin akhoza kutsikitsa mopitirira, makamaka akadumpha chakudya, n'kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusokonezeka mutu. Mbali zonse ziwiri yankho ndi limodzi, adye pang'ono ngati chakudya, apitirize mankhwala awo, aziyeza.

Pa maso ndi pamene goji ali ndi mfundo yomveka kuposa zonse, nde ndikhalapo pang'ono. Kufiira kwa chipatsochi kumachokera kwambiri ku chinthu chotchedwa zeaxanthin, ndipo goji ndi chimodzi mwa zakudya zimene zili nacho chochuluka kwambiri. Kumbuyo kwa diso kuli kamalo kakang'ono kotchedwa macula, kamene timaonera nako zinthu zazing'ono monga zilembo ndi nkhope za anthu, ndipo thupi limasonkhanitsa zeaxanthin ndi mnzake lutein pamenepo kuti zizitchinga kuwala koononga. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa AREDS2 amene zotsatira zake zinatuluka mu 2013 anachititsa kuti lutein ndi zeaxanthin ziikidwe m'mapilisi amene amaperekedwa kwa anthu amene macula yawo yayamba kuonongeka ndi ukalamba, kuti matendawo asathamange. Mu 2021 a pa yunivesite ya California ku Davis anapatsa anthu athanzi a zaka 45 mpaka 65 magalamu 28 a goji kasanu pa sabata kwa masiku 90, n'kupeza kuti utoto woteteza uja unachuluka m'maso mwawo. Zosangalatsa ndithu, ndipo zikuonetsa kuti asing'anga akale aja sanangolota. Koma anthu onse mu kafukufukuyo sanafike 30, anali oona bwino kale, ndipo chimene anayeza ndi utoto wa m'diso osati kuti wina amene sankaona wayamba kuona.

Bambo anu nkhani yawo ndi ina. Munthu wa zaka za m'ma 60 wa shuga akati maso akuchita chifunga, zinthu zitatu zimabwera m'mutu mwanga msanga. Choyamba ndi ng'ala, imene anthu a shuga imawagwira msanga kuposa ena, ndipo ng'ala palibe chipatso, dontho kapena tiyi amene amaisungunula, imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, munthu mawa lake akuona. Chachiwiri ndi kuonongeka kwa timitsempha ta magazi kumbuyo kwa diso chifukwa cha shuga yemweyo, kumeneku kumayenda mwakachetechete, ndipo kukapezeka msanga pali chithandizo cha leza kapena majakisoni a m'diso chopulumutsa zimene zatsala, kukachedwa ndiye basi sizibwerera. Chachitatu ndi glaucoma, kuthamanga kwa madzi a m'diso, imene ndi yofala pakati pa ife anthu akuda ndipo imadya maso kuyambira m'mbali munthu osamva kupweteka. Pali chinanso chosavuta, shuga akakwera kwambiri maso amachita chifunga kwa masiku angapo n'kuyeranso akatsika. Zonsezi zimadziwika bwino wa za maso akawayeza, kuwathira mankhwala otsegula mboni n'kuyang'ana mkati. Miyezi isanu ndi umodzi imene angathe akutafuna goji kudikira kuti maso ayere ndi miyezi imene matenda awiri mwa atatu aja akudya diso. Nde ine ndalama imene mukanagulira makilo a goji ndi kulipira wa basi wonyamula katundu ndikanaitumiza ngati thiransipoti yoti apite ku chipatala cha maso, kaya ku Lions ku Queens ku Blantyre, kaya ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kaya ku Nkhoma kapena ku Mzuzu, malinga ndi kumene ali pafupi. Ngakhale pa chipatala cha boma cha pa boma lawo amakhalapo a za maso amene atha kuwaona koyamba n'kuwalembera kalata.

Ndipo zeaxanthin ndi lutein si za ku China kokha ayi. Zili mu chimanga chachikasu, mu yolk ya dzira, mu tsabola wa orenji, ndipo lutein ndi wambiri m'masamba obiriwira kwambiri, bonongwe, nkhwani, mpiru, chisoso, kholowa. Zinthuzi zimalowa bwino m'thupi zikadyedwa ndi mafuta pang'ono, nde ndiwo zotendera ndi nsinjiro zija zili bwino kale. Chinanso chimene chimandiseketsa, mu supu wa Matchaina goji sayenda yekha, nthawi zambiri amakhala ndi tizipatso tina tofiira touma totchedwa hongzao, Ziziphus jujuba, amene ndi m'bale weniweni wa masau athu, Ziziphus mauritiana, amene ana amatola pansi ku Chikwawa ndi ku Salima. Malambe nawo ku London amagulitsidwa m'timapaketi tokongola pa shelefu yomweyo ya goji, ndipo pa vitamini C amamuposa goji wouma kutali.

Zoti amabwezeretsa mphamvu, ndikudziwa kuti si nkhani yokambirana mwana ndi bambo ake, koma abambo ena akuwerenga nde ndingodutsapo. Mbiri imeneyi ndi yakale, Tao Hongjing amene anakhala ndi moyo kuyambira 456 mpaka 536 analemba mwambi wa anthu a nthawi yake woti munthu akakhala pa ulendo kutali ndi kwawo asadye gouqi, mukumva nokha chimene ankatanthauza. Goji alinso mu mankhwala akale a mbewu zisanu amene amapatsa amuna ofuna mwana. Umboni wa masiku ano pa anthu ndi wofooka. Mwamuna wa shuga ndi BP akafooka kuchipinda nthawi zambiri vuto ndi mitsempha ya magazi imene yayamba kuuma, ndipo nthawi zina ndi chenjezo la matenda a mtima, nde ndi chinthu chomuuza dokotala osachita manyazi. Komanso makapisozi ndi makhofi a mphamvu amene amalemba goji kapena ginseng pa paketi, mabungwe oyang'anira mankhwala m'mayiko osiyanasiyana akhala akupeza ena mwa iwo atathiridwa mobisa sildenafil, mankhwala a mu Viagra aja, chinthu choopsa kwa wodwala mtima amene amamwa mankhwala a nitrate.

Mudzamvanso nthano ya Li Ching-Yuen, mkulu wa ku Sichuan amene anamwalira mu 1933 ndipo amati anali ndi zaka 256 chifukwa chodya goji. Munthu amene zaka zake zinatsimikizika kuti anakhalitsa kuposa onse ndi mayi wa ku France Jeanne Calment amene anamwalira mu 1997 ali ndi zaka 122, nde 256 yo muisiye kumene mwaimva. Goji anatchuka ku America ndi ku Ulaya m'zaka zoyambirira za m'ma 2000 kudzera m'mabizinesi a juwisi aja olembana mayina, iwe ubweretse anthu atatu nawonso abweretse atatu, ndipo ndi nthawi imeneyo pamene anayamba kulemba pa botolo kuti ndi wa ku Himalaya kapena ku Tibet chonsecho wambiri amachokera m'minda ya ku Ningxia ndi madera oyandikana nawo. Mu 2006 bungwe loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, la FDA, linalembera makalata ochenjeza ena ogulitsa juwisiyu chifukwa chonena kuti amachiza matenda. Manambala a ma antioxidant, zinthu zimene amati zimateteza thupi kuti lisaonongeke, amene amakonda kuika pa zithunzi zotsatsa malonda, otchedwa ORAC, unduna wa zaulimi wa ku America unawachotsa pa tsamba lake mu 2012 chifukwa zimene zimachitika m'kabotolo ka mu labu sizinena zimene zichitike m'thupi la munthu, komanso amalonda ankawagwiritsa ntchito molakwika. Mnzanu wa pa gulupu uja mwina sakukupusitsani dala, nayenso anauzidwa choncho ndi amene ali pamwamba pake.

Mukaganiza zogulabe, kaya za inu nomwe kaya za bambo dokotala atavomera, samalani ndi mtundu wake. Goji ali ndi shuga wambiri nde akamauma amamatirira ndi kuda, makamaka kukagwa mvula nthawi yokolola, ndipo amalonda ena amafukiza ndi sulufule kuti aoneke wofiira psuu ndi kuti asafumbwe. Mu September 2024 wailesi ya kanema ya boma la China, CCTV, inaulula kuti ku Jingyuan ku Gansu ndi ku Golmud ku Qinghai ena ankaviika zipatsozi m'mankhwala a sodium metabisulphite ndi kufukiza ndi sulufule wa m'mafakitale, mpaka akuluakulu a madera amenewo anayamba kufufuza. Si goji yense ali choncho, koma zikuonetsa kuti kufiira kwambiri si chizindikiro cha ubwino. Wabwino amakhala wofiira modera pang'ono, osati onse mtundu umodzi ndendende, ndipo pamene panali kaphesi pamakhala kadontho koyererako. Mukatsegula paketi n'kumva fungo lowawasa lolasa m'mphuno ngati machesi ongoyatsa kumene, kapena mukatafuna n'kumva kuwawasa ndi kuwawa m'malo motsekemera, musiyeni. Kwa munthu wa mphumu sulufule ameneyu atha kuyambitsa kubanika. Gulani wa m'paketi yomata yolembedwa kumene wachokera ndi tsiku lothera ntchito, osati wotapa m'thumba lotsegula, ndipo muzimutsuka ndi madzi musanagwiritse ntchito chifukwa mankhwala ophera tizilombo nawonso akhala akupezeka pa goji wina wolowa ku Ulaya ndi ku America.

Muonetsetsenso kuti palembedwa Lycium barbarum kapena gouqizi. M'mashopu omwewo muli chipatso china chouma chofiira moderako chotchedwa wuweizi kapena schisandra, ichi ndi champhamvu kwambiri pa mmene chiwindi chimaphwanyira mankhwala ena, nde amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku monga ma ARV, a khunyu kapena a amene anaikidwa impso ina asachiyambe osafunsa. Mulinso goji wakuda wodula kwambiri amene amasandutsa madzi kukhala a buluu kapena pepo, ndi chomera china cha banja lomwelo, Lycium ruthenicum, utoto wake ndi wa mtundu umene uli mu chidede ndi mabulosi, zeaxanthin uja musamuyembekezere mmenemo. Amene amatuluka zidzolo kapena kutupa milomo akadya mapichesi, tomato kapena mtedza ayambe ndi tiwiri titatu kaye chifukwa ku Spain madokotala anapeza anthu otere akudwala ndi goji. Amayi oyembekezera, tingapo mu chakudya si nkhani, koma makapisozi ndi juwisi wa tsiku ndi tsiku ayi.

Kadyedwe kake n'kosavuta. Supuni yaikulu imodzi pa tsiku yakwana. Mutha kuwaza mu phala litatsala pang'ono kupsa, kapena mu msuzi wa nkhuku mphindi 5 kapena 10 zomaliza chifukwa akaphikidwa nthawi yaitali amasungunuka n'kuwawasa. Mukaviika m'madzi otentha ngati tiyi mudye ndi zipatso zomwe zatsala pansi pa kapu, zeaxanthin sasungunuka m'madzi nde amene amamwa madzi okha n'kutaya zipatso wataya chenicheni chimene anagulira. Kwa bambo, ngati zapezeka kuti sali pa warfarin, akapite nako kapaketiko ku kiliniki ya shuga akamuonetse dokotala kapena wa ku famase, ndipo sabata ziwiri zoyamba aziyeza shuga pafupipafupi ngati kamakina ali nako. Paketi ya magalamu 250 pa mlingo umenewu imatha pafupifupi mwezi, nde musatumize makilo, kumudzi kotentha kopanda fuliji goji amayamwa chinyezi, nthawi ya dzinja amamatana, kuchita nkhungu ndi kugwa anankafumbwe. Asunge m'botolo lagalasi lotseka bwino pamalo posafika dzuwa, ndipo akaona wada, akununkha ngati mowa kapena wachita ufa woyera, ataye.